Kuchira ndi opareshoni masiku asanakwane: mmene chipatala china cholipira cha mu Lilongwe chinandisamalira

Ndinayamba sikelo pa chipatala chimene ndikuchiunika pano ndili ndi pakati pa miyezi itatu, ndipo ndinatsazikana nacho nditamangirira mwana pachifuwa, patapita masiku 19 chindichitireni opareshoni. Ndi chipatala cholipira cha mumzinda wa Lilongwe muno. Dzina lake sinditchula, chifukwa zina mwa zimene ndinene ndi madandaulo, ndipo anthu amene ndikuwadandaulawo ndi omwewonso amene anapulumutsa ine ndi mwana wanga. Mwanayo anabadwa pa sabata ya 33, m'malo mwa sabata ya 40, akulemera makilogalamu 1.7, nthenda ya kuthamanga kwa magazi itafika nane posauzana.

Ndivomere poyamba kuti chipatalachi ndinachisankha ndi maso. Sikimu ya zachipatala ya kuntchito kwathu inkalandiridwa kumeneko, mzere unali waufupi, ndipo tsiku limene ndinakayenderako anandionetsa chipinda chochirira chowala bwino, bedi lokwezeka ndi kutsitsika, bafa la madzi otentha ndi wailesi yakanema pakhoma. Ndinabwerera kwathu ku Area 49 ndili wokhutira. Sindinafunse ngati ali ndi nazale, chipinda chosamalirira makanda odwala kapena obadwa masiku asanakwane, sindinafunse ngati usiku pamakhala dokotala wodziwa opareshoni, ndipo iwonso sanayambitse nkhaniyo. Komatu kubadwa masiku asanakwane si chinthu chachilendo kwathu kuno: lipoti limene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa pamodzi ndi mabungwe ena mu 2012 linaika Malawi patsogolo pa mayiko onse, ponena kuti ana 18 mwa 100 alionse amabadwa sabata ya 37 isanakwane. Mayi wofuna chipatala chochirirako amayenera kupempha kuona nazale asanaone bafa, ndipo ine ndinachita motembenuza.

Pa nkhani ya kuyeza, sikelo yawo ndiipatsa ulemu. Ulendo uliwonse ankandikweza pasikelo, kundiyeza bipi ndi mkodzo, kumvetsera mtima wa mwana ndi kulemba zonse m'buku langa, ndipo anandikonzera maulendo asanu ndi atatu monga mmene WHO inalangizira kuyambira mu 2016. Mankhwala oteteza malungo ndi owonjezera magazi sanasowepo. Pa sabata ya 31 mzamba anapeza bipi yanga ili 148/96. Sanathamangire kulemba. Anandiuza kuti ndikhale phee kwa mphindi khumi ndi zisanu, anayezanso ku mkono winawo, kenako ananyamula buku langa kupita nalo yekha kwa adokotala. Anandilembera mankhwala otsitsa bipi otchedwa methyldopa ndi kundiuza kuti ndizibwera sabata iliyonse. Mawu onse amene ndinatuluka nawo m'chipinda chija anali akuti, "Mayi, bipi yakwera pang'ono, muzimwa mankhwalawa ndipo musamagwire ntchito zolemetsa."

Apa ndi pamene panayambira chilema chimene ndinachionanso kangapo mpaka tsiku lotuluka: anthu awa amadziwa ntchito yawo, koma mawu amaumira nawo. Palibe amene ananditchulira dzina la nthendayo, imene achipatala amati pre-eclampsia. Ndinadzadziwa ndili kale pabedi kuti imayamba pakati pakapitirira masabata 20, kuti gwero lake ndi nsengwa, ndiponso kuti bipi ikafika 140/90 ndipo mu mkodzo mukapezeka mapuloteni ndiye kuti impso zayamba kuvutika. Ikakula imawononga chiwindi, imachepetsa chakudya chopita kwa mwana, ndipo mayi angathe kukomoka n'kumaphupha ngati wakhunyu. Mapiritsi amangoigwira pang'ono. Imatha pokhapokha mwana ndi nsengwa zikatuluka. Zizindikiro zoti munthu athamangire kuchipatala ndi zowerengeka: mutu wosamva panado, chidima kapena tinyenyezi m'maso, kutupa kwa nkhope ndi manja, ndi kupweteka pansi pa nthiti. Kunena zimenezi sikutenga mphindi zisanu. Chifukwa choti sindinazimve kwa achipatala, ndinamva za kunyumba. Apongozi anga, mwachikondi ndithu, ankati kutupa ndi khalidwe la pakati ndipo mwina ndanyamula mapasa, ndipo ine ndinagona usiku uwiri mutu ukung'amba, ndikudikira Lachitatu lomwe linali tsiku langa la sikelo.

Lachitatu silinafike. Lamlungu madzulo, kuzizira kwa mwezi wa June kutagwira, mphete inakana kuvuka pachala ndipo nkhope yanga inali ngati ndalumidwa ndi njuchi. Bambo a kunyumba ndi amene anaumirira kuti tipite. Tinafika cha m'ma 7 koloko, ndipo zimene zinachitika m'theka la ola lotsatira ndi zimene zimandichititsa kuti ndisachinyoze chipatalachi ngakhale ndili ndi zodandaula. Namwino wa pakhomo atangondiyang'ana nkhope sanandifunse khadi la sikimu kapena risiti. Anandikhazika pansi n'kundiyeza, anapeza 172/114, anaitana mnzake mosakweza mawu, ndipo ndisanamvetse chimene chikuchitika ndinali nditagona pabedi, diripi ili pamkono, adokotala ataima pambali. Iwo anati, "Mayi, kunyumba simubwererako lero." Wa ku ofesi ya ndalama anadzawapeza bambo pambuyo pake kudzanena za dipoziti, koma chithandizo sichinaime podikira ndalamayo.

Mankhwala oyamba anali magnesium sulphate, oteteza kukomoka kuja. Ena anadzera mu diripi, ena m'majakisoni awiri akuluakulu, kumatako konse kuwiri, ndipo thupi lonse linatentha ngati andithira madzi owira m'mitsempha. Jakisoniyo ankabwerezedwa maola anayi alionse, ndipo ulendo uliwonse, asanabaye, namwino ankandigogoda bondo kuti aone ngati mwendo ukudumpha, ankawerenga kapumidwe kanga ndi kuyang'ana kuchuluka kwa mkodzo m'thumba limene linalumikizidwa ndi paipi, chifukwa mankhwala amenewa akachuluka m'thupi amafooketsa kupuma. Panalinso majakisoni anayi a dexamethasone, motalikirana maola 12, okhwimitsa mapapo a mwana. Cholinga chawo chinali choti mwanayo akhalebe m'mimba masiku ena awiri kuti mankhwalawo agwire ntchito. Ndinagona maso usiku wonse uwiriwo, choncho ndine mboni kuti palibe nambala imene inalembedwa pa tchati changa mongopeka. Namwino wa usiku ankalowa ndi tochi ya foni yake kuti asandiwalitse m'maso, n'kuyeza, n'kulemba, n'kutuluka. Sanali wa nkhani zambiri, ndipo pa nthawi imeneyo sindinafunenso nkhani.

Lachiwiri masana ululu wa pansi pa nthiti unayamba, zotsatira za magazi zinabwera zosakondweretsa, ndipo mtima wa mwana unayamba kumatsika. Adokotala sanazungulire: "Mayi, tikadikira mawa titha kutaya nonse awiri. Tikupita ku fiyeta." Chiganizocho chinali cholondola ndipo chinabwera pa nthawi yake. Chimene sichinali bwino ndi fomu yovomerezera opareshoni, masamba awiri a Chingerezi chokhachokha, imene anandipatsa pamodzi ndi cholembera, chala cha namwino chili kale pamalo osainira. Chingerezi ndimachidziwa, koma munthu amene wakhala masiku awiri pa magnesium zilembo zimamuvinira m'maso. Amayi anga, amene anabwera kuchokera ku Mitundu kudzandidikirira, sakanatha kuiwerenga n'komwe. Iwo anangomva mawu oti opareshoni, anagwira dzanja la namwino n'kufunsa kuti, "Asisita, kodi mwana wa miyezi isanu ndi iwiri ndi theka amakhala moyo?" Yankho linali lakuti, "Agogo, tiyeni tipemphere." Kupemphera n'kofunika, koma funso lija linali ndi yankho lake, lakuti ana ambiri obadwa pa msinkhu umenewu amakhala moyo akathandizidwa kupuma, kutenthedwa ndi kudya. Amayi anakhala ola lonse pabenchi osadziwa zimenezi. Ndipo poti kumudzi kukadali ena amene amati opareshoni ndi ya akazi aulesi, kapena kuti uchembere ukavuta ndiye kuti mwamuna anayenda njira zachilendo, chipatala chikasiya banja mumdima chotere chimasiyira mpata nkhani zimenezo.

Mu fiyeta ndinakumana ndi munthu mmodzi amene anandionetsa kuti kufotokoza n'kotheka ngakhale pa changu. Anali bambo wopereka mankhwala ochititsa dzanzi. Anandilankhula m'Chichewa kuyambira poyamba mpaka pomaliza: kuti ndikhale tsonga n'kukumbatira pilo, kuti ndimva kuzizira pamsana kenako kubaya pang'ono, kuti miyendo ilemera ngati si yanga, kuti sindigona tulo, ndiponso kuti ndidzamva kukoka ndi kukankha koma osati kuwawa. Chilichonse chinachitika mwa ndondomeko imene ananenayo, moti mantha anachepa chifukwa panalibe chondidzidzimutsa. Anandiuzanso kuti magazi ogwirizana ndi anga ochokera ku Malawi Blood Transfusion Service ali pafupi ngati angafunike, ngakhale kuti sanafunike. Magetsi anathima ali mkati mwa ntchito, jenereta inalira ndisanamalize kuwerenga mpaka khumi, ndipo palibe amene anatukula mutu. Patapita mphindi zochepa ndinamva kulira kwa kamawu kakang'ono ngati ka mwana wa mphaka. Anandionetsa kankhope kake pamwamba pa nsalu yotchinga ija, anati ndi wamkazi, ndipo anathamanga naye. Chilonda anacheka chopingasa m'munsi mwa mimba, ndipo zonse zinatha ola lisanakwane.

Kenako kunagwa chete wa maola asanu ndi anayi, ndipo ili ndi dandaulo langa lalikulu. Kuyambira cha m'ma 3 koloko masana mpaka pakati pa usiku, palibe amene anabwera kudzandiuza ngati mwana ali moyo. Anamwino a kuwodi ankati nkhani za ku nazale amanena ndi a ku nazale. A ku nazale anawabweza bambo pakhomo kawiri konse, akuti adikire adokotala a ana. Ine ndinali chigonere, miyendo isanadzuke, diripi mbali iyi, paipi mbali inayo. Kwathu kuno anthu akakhala chete pa nkhani ya mwana wobadwa kumene timadziwa tanthauzo lake, ndipo cha m'ma 9 koloko ndinaona amayi akutola tizipewa ndi timasokosi timene tinali pa tebulo n'kumatilowetsa pansi penipeni pa chikwama, atandifulatira kuti ndisaone. Sanalankhule kanthu, inenso sindinafunse. Amene anathetsa zimenezi anali namwino wina wophunzira, mtsikana wamng'ono, amene anabwereka foni ya bambo, kulowa nayo ku nazale, n'kubwera ndi chithunzi: kamwana kofiira, timapaipi m'mphuno, kachifuwa kowerengeka nthiti, koma maso ali otsegula. Nthawi yonseyo mwana anali akusamalidwa bwino lomwe. Chinasowa ndi munthu mmodzi woyenda masitepe makumi atatu kudzanena mawu awiri.

Za kuwodi sindichulukitsa. Magnesium anapitirira maola 24 nditachira, paipi anachotsa mawa lake, ndipo anandidzutsa kuti ndiyambe kuyenda, chinthu chimene ndinachida pa nthawiyo ngakhale chimateteza magazi kuundana m'miyendo. Chilonda anachisamala mwaukhondo ndipo chinauma popanda mafinya. Masana anamwino anali okwanira, koma usiku wodi yonse inkatsala ndi mmodzi, moti usiku wachiwiri ndinadikira mankhwala opha ululu pafupifupi maola awiri chifukwa iye anali atatanganidwa ndi mayi wina amene matenda anamuyamba. Sindimuimba mlandu namwinoyo. Mlandu ndi wa amene amagawa ntchito. Chakudya chinali chabwino kwa munthu wamphamvu, koma nsima ya nyemba ndi kabichi kwa munthu amene mimba yake yangosokedwa dzulo ndi chilango, ndipo phala tinkachita kubweretsa m'fulasiki kuchokera kunyumba. Wodikirira wodwala alibe malo: amayi anagona pampando masiku asanu, atafunda zitenje ziwiri.

Nazale ndiye mtima wa nkhani yonseyi, ndipo m'pamene ndalama zanga ndinaziona ntchito yake. Ndi kachipinda kakang'ono kotentha kwambiri, kumapeto kwa khonde lalitali limene ndinkaliyenda chowerama, nditagwira chilonda ndi dzanja limodzi ndi khoma ndi dzanja linalo, chifukwa njinga ya odwala inali imodzi ndipo sinkapezekapezeka. Pakhomo pamavulidwa nsapato ndipo aliyense amasamba m'manja mpaka m'zigongono. Lamulo limeneli salinyengerera, moti ndinaona ndi maso anga sisita wamkulu akubweza dokotala kuti akasambe. Mwana wanga anali pa makina othandiza kupuma otchedwa Pumani, amene anapangidwa ndi akatswiri a ku Rice University ya ku America mogwirizana ndi madokotala a ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Makinawo amakankha mpweya pang'onopang'ono kudzera m'mphuno kuti timapapo tosakhwima tisamafwefwenthere mwana akatulutsa mpweya, ndipo pambali pake pamakhala botolo la madzi limene limabwata usana ndi usiku. Anakhalapo masiku atatu. Mpaka lero ndikamva ketulo ikuyamba kuwira ndimakumbuka chipinda chija.

Mwana wa msinkhu umenewu satha kuyamwa, kumeza ndi kupuma nthawi imodzi, choncho ankadya kudzera m'kapaipi kopita m'mimba, ndipo chakudyacho chinayenera kuchokera kwa ine. Tsiku loyamba ndinafinya bere kwa theka la ola n'kupeza timadontho tachikasu tosadzaza ngakhale kasupuni, ndipo ndinalira ndi manyazi. Sisita wamkulu uja anatenga sirinji, anatolera timadontho tonse m'mphepete mwa kapu mosasiyako, n'kunena kuti, "Make mwana, ameneyu ndi mankhwala, musamupeputse. Kamimba kake n'kochepa kuposa chala chanu chachikulu." Anandiphunzitsa kafinyidwe koyenera, kuika zala kumbuyo kwa nsonga osati kukoka nsongayo, ndipo ananena kuti ndizibwera maola atatu alionse, usiku womwe. Pa tsiku lachinayi mkaka unatsika. Nthawi yomweyo mwana anagwidwa chikasu, chimene chimavuta kawirikawiri ana obadwa msanga chifukwa chiwindi chimakhala chisanakhwime, ndipo anamuika pansi pa nyali ya buluu masiku awiri atamuphimba m'maso. Sikelo yake inatsika kufika makilogalamu 1.55, koma pano anandiuziratu kuti ana onse amayamba atsika asanakwere, choncho sindinade nkhawa. Sisita ameneyu anandiuzanso mosabisa malire a nazale yawo, kuti mwana wochepa kwambiri kapena wofunika makina omupumira kotheratu amamutumiza ku Kamuzu Central Hospital. Zimenezi ndikanakonda kuzimva pa sikelo yoyamba, osati mwana atabadwa kale.

Kangaru tinayamba pa tsiku lachisanu ndi chimodzi. Mwana amavala thewera, chipewa ndi masokosi basi, n'kumugoneka chafufumimba pakati pa mabere, khungu kukhudzana ndi khungu, mutu utatembenukira kumbali, timiyendo titapindika ngati ta chule, kenako n'kumumanga ndi chitenje cholimba, mfundo ili kumsana. Kwa mayi wa chilonda, chitenjecho chimayenera kudutsa pamwamba ndithu, ndipo anamwino anandimangira okha masiku oyamba mpaka amayi ataphunzira. Njira imeneyi inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo kuno inayambira ku chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Ndiwayamikire kuti analola bambo kumalowa kudzandilandira. Poyamba anachita manyazi kuvula malaya pakati pa amayi, koma pofika sabata yachiwiri ankafika pochokera kuntchito, kusamba m'manja, n'kukhala maola awiri mwana ali pachifuwa, ine n'kupezako tulo.

Komabe pa kangaru pomwepa ndikuona kuti chipatalachi chatsalira. Kafukufuku amene anachitika m'mayiko asanu, kuphatikizapo Malawi pa chipatala cha Queen Elizabeth, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2021, anapeza kuti ana olemera pakati pa kilogalamu imodzi ndi makilogalamu 1.8 akayamba kangaru atangobadwa, osadikira kuti akhazikike kaye, imfa zimachepa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mu 2022 WHO inasintha malangizo ake potsatira zimenezi. Mwana wanga anali m'gulu lomweli, koma anadikira masiku asanu. Masiku awiri oyamba ine ndinali wodwala, zimenezo n'zomveka, koma bambo ndi amayi analipo ndi zifuwa zawo. Nditafunsa, anandiuza kuti malo ndi ochepa, ndipo n'zoonadi: mu nazale yonse munali mipando iwiri yapulasitiki, ndipo amayi anayi tinkachita kulandirana. Chipatala chimene chinakwanitsa kuika wailesi yakanema m'chipinda chilichonse sichingalephere kugula mipando inayi yotsamira.

Vuto lina linabuka pa tsiku lachisanu, atanditulutsa ine mwana akadali mu nazale. Chipatalachi chilibe malo ogona amayi amene ana awo atsala. Ndinauzidwa kuti ndisankhe pakati pa kulipira bedi la kuwodi ngati wodwala, kapena kumachokera kunyumba. Kuchokera ku Area 49 maola atatu alionse, ndi chilonda cha masiku asanu, pa minibasi kapena pa kabaza, ndi zinthu zosatheka, ndipo aliyense amene anakonza lamulo limeneli sanafinyepo mkaka 3 koloko ya usiku. Tinalipira bedilo masabata awiri, ndipo sikimu inakana kulowererapo chifukwa pa mapepala ine ndinali nditachira.

Bilu yonse inaposa malipiro anga a miyezi inayi, ndipo sikimu inalipira pafupifupi theka. Kuti inali yokwera sindikudabwa, poti mankhwala ndi zipangizo zambiri zimachokera kunja ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 palibe chimene chinatsala pa mtengo wakale. Chimene chinandikhumudwitsa ndi kalembedwe kake. Pepala loyamba linali ndi mizere isanu yokha, mzere umodzi wongoti zogwiritsira ntchito, pambali pake pali nambala yoti munthu n'kukhala pansi. Bambo atapempha mndandanda wa chinthu chimodzichimodzi anadikira masiku atatu, ndipo utabwera tinapezamo tsiku limodzi la makina opumira limene linalembedwa kawiri. Anachotsa popanda kukangana ndipo anapepesa. Sindikunena kuti anafuna kutibera, koma amene sapempha mndandanda amalipira zolakwikazo osadziwa. Palibenso amene anatiuza msanga kuti mwana wobadwa kumene ayenera kulembetsedwa payekha ku sikimu, ndipo tinatsala pang'ono kuphonya nthawi yake.

Tinatuluka mwana akulemera makilogalamu 1.8, akuyamwa pang'ono ndi kumalizira ndi kapu. Malangizo a mwana anali omveka bwino: kangaru usana ndi usiku, alendo achepe, ndipo tizibwera naye ku sikelo kawiri pa sabata poyamba. Apongozi anavomera mosavuta, poti anati chimenechi ndi chikuta chomwe chija, kungoti chatalika. Malangizo a ine ndiwo anali operewera. Pepala lotulukira linangolemba mankhwala ndi tsiku lobwera kudzaonetsa chilonda. Anali mzamba wina wachikulire, amene anandipeza pakhonde ndikudikira galimoto, amene anandikhazika pansi n'kundiuza kuti bipi ingathe kukweranso m'masabata oyamba munthu atachira, kuti mutu ukayambiranso ndisadikire tsiku, kuti ndipume zaka ziwiri ndisanatenge pakati pena kuti chilonda cha chiberekero chilimbe, ndiponso kuti ulendo wina ndidzayambe sikelo msanga n'kunena mbiri yonseyi, chifukwa amayi onga ine amapatsidwa asipirini wa mlingo wochepa woteteza nthendayi. Anamaliza ndi kunena kuti, "Mwana wanga, wapulumukira m'kamwa mwa mbuzi, ndipo ulendo wina usadzachirire kumene kulibe fiyeta." Mawu ofunika chotere sayenera kudalira kuti wakumana ndi ndani pakhonde.

Mnzanga wa kuntchito amene ali woyembekezera atandifunsa ngati angapite kumeneko, ndinamuuza kuti apite, chifukwa pa ola limene moyo umakhala pa kaulusi anthu aja sazengereza ndipo manja awo ndi odalirika. Ndinamuuzanso kuti apite ndi kope ndi cholembera, afunse dzina la chilichonse chimene amupeza nacho, akaone nazale ndi maso ake, afunse kuti usiku kumakhala anamwino angati, ndipo asankhe womudikirira amene saopa kugogoda pachitseko kachitatu.

Nditapezako mphamvu ndinalembera kalata akuluakulu a chipatalacho. Ndinatchulamo mayina a anthu anayi oyenera kuyamikiridwa, ndipo ndinapempha zinthu zitatu: fomu ya opareshoni ya m'Chichewa, lamulo loti mayi aziuzidwa za mwana wake ola lisanathe, ndi malo ogona amayi a ana a mu nazale. Anandiyankha mwaulemu patatha mwezi. Sabata yatha, popita ndi mwana ku katemera, ndinasuzumira ku nazale n'kupeza mipando yawonjezeka kufika isanu, iwiri mwa iyo yotsamira. Nditafunsa za fomu ija, sisita wamkulu anaseka pang'ono n'kunena kuti nkhaniyo ikadali pa tebulo la akuluakulu.